Funsani za Makina: Kukwirira Dzenje la Malasha Kumadya Ndalama Zingati?

Mwezi uno makalata atatu agwera pa nkhani imodzi, ya maenje amene amatsala malasha akatha. Ntchito ya dothi ndaigwira zaka zoposa 30, kuyambira kuthira girisi, kukwera buludoza, ukapitawo, mpaka kukhala pa tebulo n'kumawerengera makotesheni, ndipo zaka zambiri mwa zimenezo ndinali m'migodi ya malasha ya ku Mpumalanga, ku Joni. Kalata yoyambayi ndiiyankha motalikirapo chifukwa mwini wake watsala pang'ono kusaina.

FUNSO

Zikomo bambo. Ndine mnyamata wa ku Dedza, ku Joni kuno ndatha zaka 9, ndimakhala kufupi ndi Middelburg. Ine ndi msuweni wanga tili ndi kakampani kathu, matipa awiri ndi TLB imodzi (thirakitala yokumba ndi kupakira dothi), timanyamula mchenga ndi kukumba maziko a nyumba. Kontilakita wina wamkulu watiuza kuti tipereke mtengo wokwirira dzenje lotsala pa kamgodi ka malasha kamene katsekedwa. Dzenjelo m'litali ndi mamita 400, m'lifupi 40, kuya 15. Tachulukitsa tapeza makiyubiki 240,000. Anzathu akuti kuno kiyubiki imodzi imayenda pa R20, ndiye tikufuna kulemba R4.8 miliyoni, makina akuluakulu tichita kubwereka. Msuweni wanga akuti basi talemera. Ine mtima ukukana. Tilembe?

Wa ku Dedza, ku Middelburg

YANKHO

Mphwanga, mverani mtimawo. Cholemberacho chiikeni pansi kaye.

Masamu anu alibe vuto, 240,000 ndi yolondola. Koma m'kalata yonseyi simunandiuze chimene ine ndikanafunsa ndisanatsike n'komwe m'galimoto: dothi lokwirira dzenjelo lili kuti?

Mgodi wa pamtunda umakumbidwa mofanana ndi mmene timagalauzira mizere kumunda. Amatsegula ngalande yoyamba, dothi ndi miyala yake n'kuunjika pambali. Akachotsa malasha amakumba yachiwiri pafupi pomwepo, dothi lake n'kuponya m'ngalande yoyamba ija. Yachitatu imakwirira yachiwiri, choncho choncho kwa zaka. Ngalande yomaliza ilibe inzake yoikwirira, ndipo ndi imeneyo akupatsani inuyo. Dothi lake lenileni ndi mulu uja unaunjikidwa tsiku loyamba, kumene mgodi unayambira, mwina kilomita imodzi kapena iwiri kuchoka pa dzenje lanu. Eni mgodi anadya mnofu, fupa ndi limeneli. Mtengo wa ntchito ya dothi wagona pa mtunda umene dothilo liyende, ndiye R20 ya anzanuyo siikukuuzani kanthu mpaka mutadziwa kuti ndi ya mamita angati.

Tisanafike pa makina, pali nkhani ya kiyubiki yeniyeniyo. Aliyense amene anakumbapo chimbudzi amadziwa kuti mulu wa dothi umaposa dzenje limene latulukamo. Dothi likakumbidwa limafufuma. Dongo limawonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, mwala wofewa wa shale gawo limodzi mwa atatu, ndipo sandstone yophulitsidwa ndi mabomba imatha kupitirira theka. Kufufumaku n'kumene kumapangitsa kuti dzenje lidzadze ngakhale malasha anapita: ngati pamwamba panali mamita 12 a dothi ndi miyala, pansi mamita 3 a malasha, mamita 12 aja akafufuma ndi 25 peresenti amakwana 15. Pa sayiti mudzamva akuti BCM, kutanthauza kiyubiki ya dothi lisanakumbidwe, ndi LCM, kiyubiki ya dothi lomasuka limene lili m'tipa. Palinso yachitatu, ya dothi limene makina alipondaponda m'dzenje mpaka latsendereka. Funsani kuti akulipirani pa kiyubiki iti, ndipo wopima ndani.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa zinandiwotchapo. Ndili kapitawo pa kakampani kena, tinaika kalaliki pa khomo la dzenje, pansi pa ambulera, ali ndi kope la ana asukulu. Tipa ikadutsa ankalemba kamzere, tikakwana tinayi kachisanu n'kudula pakati. Madzulo tinkawerenga timitolo timeneto n'kuchulukitsa ndi kukula kwa tipa, mitima ili mbee. Kutha kwa mwezi kunabwera saveya wa eni ntchito ndi makina ake a miyendo itatu, anapima pamene tinakumbapo, nambala yake n'kutsika pafupifupi ndi gawo limodzi mwa anayi poyerekeza ndi ya m'kope. Sanatibere. Mgwirizano unkanena BCM, ife tinkawerenga LCM. Bwana wathu anagulitsa tipa imodzi kuti alipire dizilo, ndipo anyamata analandira malipiro a Disembala mu Januwale. Nkhope za anyamata amene analephera kukwera basi ya kumudzi chaka chimenecho ndimazikumbukirabe.

Tsopano tiwerengere limodzi. Dzenje lanu sindinalione, ndiye ndiyerekeza kuti makiyubiki 100,000 ali pafupi, m'milu ya m'mphepete mwa dzenje, pamene 140,000 otsalawo ali pa mulu wakale uja, mamita 1,200 kuchoka pa dzenje. Mitengo ya pa ola imene nditchule ndi yophunzirira chabe. Yeniyeni mukaitenge kwa obwereketsa makina atatu osiyana, aliyense alembe pa pepala.

Dothi lapafupilo ndi la buludoza. Makampani opanga makina amasindikiza matebulo osonyeza kuchuluka kwa dothi limene makina aliwonse amakankha pa ola malinga ndi mtunda, ndipo ambiri timatsegula buku la Caterpillar. Tinene kuti tebulo likuti buludoza ya msinkhu wa D9 imakankha makiyubiki 600 pa ola pa mtunda wa mamita 60. Nambala imeneyo ndi ya opareta katswiri, dothi losavuta, malo athyathyathya, makina osaima mphindi 60 zonse. Tsiku lotero ine sindinalionepo pa mgodi. Opareta wamba amatulutsa magawo atatu mwa anayi a ntchito ya katswiri, ndiye chulukitsani ndi 0.75, mutsala ndi 450. Ola la ntchito timaliwerengera mphindi 50, chifukwa munthu amamwa madzi, amadikira fumbi lichoke, amatsika kukayang'ana paipi yodontha. Chulukitsani ndi 0.83, mutsala ndi 373. Milu ya pa mgodi imakhala yosakanikirana ndi miyala ikuluikulu imene imazemba pa bledi, chulukitsani ndi 0.8, mwafika pa 299. Chokomera inu n'chakuti mukukankhira kumunsi, m'dzenje, ndipo kutsetsereka kwa 10 peresenti kumawonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa asanu. Mwathera pa makiyubiki 360 pa ola. Gawani 100,000 ndi 360, mupeza maola 278. Pa R2,500 pa ola ndi R695,000, pafupifupi R7 pa kiyubiki.

Mukaona R7 imeneyo musasangalale msanga. Mulu womwewo utakhala pa mamita 120, buludoza itulutsa pafupifupi theka la ntchito ija chifukwa ulendo uliwonse wokankha ndi wobwerera chafutambuyo utalika kawiri, mtengo n'kufika cha pa R14. Kupitirira mamita 100 buludoza imayamba kudya ndalama kuposa dothi limene ikukankha.

Dothi lakutalilo likufuna ekisikaveta ndi madampa opindika pakati aja, monga a Bell amene amapangidwa ku Richards Bay. Apa timawerengera ulendo umodzi ndi wotchi. Baketi ya makiyubiki 3 siidzaza mpaka pakamwa nthawi zonse, tinene 2.7. Dampa ya matani 30 imanyamula makiyubiki 16 a dothi lamiyala, ndiye mabaketi 6. Baketi iliyonse masekondi 25, kuphatikizapo nthawi yoti dampa ilowe chafutambuyo n'kuima bwino, kupakira kwatenga mphindi 3. Kupita itasenza pa liwiro la makilomita 20 pa ola, mamita 1,200 ndi mphindi 3.6. Kukhuthula mphindi 1.5. Kubwerera yopanda kanthu pa makilomita 30 pa ola, mphindi 2.4. Ulendo wonse mphindi 10.5. Gawani ndi mphindi 3 zopakira zija, mupeza 3.5, kutanthauza kuti pakufunika madampa 4 kuti ekisikaveta isamakhale baketi ili m'mwamba kudikira. Pa mphindi 50 ipakira maulendo 16 ndi theka, makiyubiki pafupifupi 265 pa ola. Makiyubiki 140,000 atenga maola 528.

Pa ola lililonse mwa maola amenewo mukulipira gulu lonse. Ekisikaveta tinene R1,800, madampa anayi R5,200, buludoza yaying'ono yosalaza pamene akukhuthulapo R1,500, giledala ndi bawuza ya madzi zosamalira msewu R1,500. Ziwiri zomalizazi anthu amakonda kuziiwala, koma msewu wamakwinya umatsitsa liwiro ndi kudya matayala, ndipo pa mgodi sangakuloleni kuyendetsa madampa m'fumbi losathiridwa madzi. Zonse pamodzi R10,000 pa ola, kuchulukitsa ndi 528 ndi R5.28 miliyoni, pafupifupi R38 pa kiyubiki. Dothi lomwelo, dzenje lomwelo, kuno R7 uko R38.

Dzenje ladzaza, koma ntchito sinathe. Pamwamba payenera kubwerera dothi lachonde limene linapalidwa poyamba, ngati analisunga padera. Tinene kuti malo onse ofunika kuphimba, dzenje ndi pozungulira pake, ndi mahekitala 10: pa kukhuthala kwa masentimita 30 ndi makiyubiki 30,000, ndipo ngati mulu wake uli kutali chimodzimodzi ndi R1.14 miliyoni ina. Mwafika kale pa R7.1 miliyoni musanagule laimu, feteleza ndi mbewu ya udzu. Kenaka pali lobedi, lole yonyamula makina olemera, yobweretsa ndi kubweza makina, D9 yolemera matani pafupifupi 50 siiyenda yokha pa tala. Pali saveya wanu, alonda a usiku chifukwa dizilo amabedwa, kupimidwa kuchipatala kwa wantchito aliyense asanalowe pa mgodi, inshuwalansi, ndalama ya zogwa mwadzidzidzi ndi phindu lanu. Zonsezi ine sindinkaziika pansi pa 25 peresenti. Mukathera cha pa R8.9 miliyoni. Inu mumafuna kulemba R4.8 miliyoni.

Dziwaninso kuti dothi lonse likanakhala pa mphepete pa dzenje, R20 ija ikanakupatsani phindu lalikulu. N'chifukwa chake sindikunena kuti anzanu ananama. Iwo anatchula mtengo wa dzenje lina.

Pobwereka makina funsani ngati mtengo ndi wet rate, umene uli ndi dizilo ndi opareta, kapena dry rate, umene zonsezo zili kwa inu. D9 ikamakankha molimba imamwa malita 40 mpaka 60 pa ola. Funsaninso za maola okakamiza: obwereketsa ambiri amafuna muwalipire maola akutiakuti pa mwezi, makina agwire ntchito kapena asagwire. Maola 528 pa maola 9 patsiku ndi masiku 59 a ntchito, pafupifupi miyezi itatu, ndipo kumeneko mvula imagwa kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Madampa akaima sabata yathunthu chifukwa cha matope, ngongole yokha ndi imene imayenda.

Zinthu ziwiri mukaziyang'ane ndi maso anu, chifukwa sizilembedwa pa mapu. Choyamba ndi madzi a m'dzenje. Miyala ya pafupi ndi malasha imakhala ndi pyrite, imene ikakumana ndi mpweya ndi madzi imatulutsa asidi. Mukaona madzi achikasu kapena ofiirira ngati dzimbiri m'mphepete, dziwani kuti simungawapopere mu mtsinje. Ku Carolina, kufupi ndi Middelburg komwe mukukhala, mu Januwale 2012 damu la Boesmanspruit linalowa madzi a asidi ochokera kumigodi mvula yamphamvu itagwa, tawuni n'kukhala miyezi ingapo madzi a pa mpopi osamweka. Mgwirizano unene momveka kuti kupopa ndi kuyeretsa madziwo ndi kwa yani. Chachiwiri ndi moto. Milu imene ili ndi zinyenyeswa za malasha imayaka yokha mkati. Pitani m'mamawa kukuzizira, mudzaona kautsi kakutuluka m'ming'alu ndipo mudzamva fungo la sulufule. Mulu wotero umawononga matayala ndi mapaipi, ndipo umafuna opareta wodziwa. Dothi lakuda limenelo limayenera kupita pansi penipeni pa dzenje n'kuphimbidwa, zimene zikutanthauza kulisankha ndi kulinyamula padera.

Langizo langa ndi ili, mphwanga. Pemphani mapu a saveya osonyeza dzenje ndi milu yonse. Yendani mtunda wochoka pa mulu uliwonse ndi galimoto muwerenge pa mita. Mtengo muulembe m'magawo, wakewake wa kukankha, wakewake wa kunyamula pa mtunda wakuti, ndipo mulembe kuti mtunda ukasintha mtengo usinthanso. Koma kunena zoona, ndikanakhala ine ndi matipa awiri ndi TLB, ntchito yonseyi sindikanaitenga. Muyenera kulipira dizilo ndi makina a miyezi iwiri cheke choyamba chisanatuluke. Ndikanapempha gawo limene makina anga angathe: kukumba ngalande za madzi a mvula, kunyamula laimu ndi manyowa, kutchinga mpanda, kudzala udzu. Muuzeni msuweni wanu kuti akhale pansi awerenge nambalazi yekha ndi pensulo.

FUNSO

Bambo, ndine mayi wa mu komiti ya chitukuko m'mudzi wina ku Karonga. Kwabwera kampani ikufuna kukumba malasha pafupi ndi minda yathu. Pa msonkhano anati tisade nkhawa, adzasiya ndalama zokonzera malo akamaliza. Ife tinaona zimene zinachitika ku Mwabulambo. Tingadziwe bwanji kuti ndalamazo ndi zokwanira pamene ife za makina sitizidziwa?

Mayi wa mu komiti, Karonga

YANKHO

Mayi, nkhawa yanu ili ndi maziko. Mgodi wa ku Mwabulambo unasiyidwa mu 2015 malo osakonzedwa, ndipo bungwe la Human Rights Watch linalemba za maenje ndi milu ya malasha yotsala kumeneko mu 2016. Ku Joni boma limawerenga migodi pafupifupi 6,000 imene eni ake anaisiya, yoti ikonzedwe ndi ndalama za misonkho.

Mawu amene andiimitsa m'kalata yanu ndi akuti "adzasiya". Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama yokonzera malo imayenera kuikidwa ngati chikole khasu loyamba lisanagwe pansi. Ku America anaphunzira zimenezi atawononga mapiri ambiri, ndipo mu 1977 Pulezidenti Jimmy Carter anasaina lamulo lotchedwa Surface Mining Control and Reclamation Act. Lamulolo limati kampani isapatsidwe chilolezo isanapereke chikole chokwanira kuti boma lithe kumaliza ntchito yokonza malo ngati kampaniyo yathawa. Limalamulanso kuti dothi lachonde lisungidwe padera, khoma la dzenje ligwetsedwe ndipo malo abwerere pafupifupi mmene anaonekera kale. Chikolecho sabweza nthawi imodzi. Dzenje likakwiriridwa ndi kusalazidwa amabweza mpaka 60 peresenti, ndipo gawo lomaliza limadikira zaka 5 udzu utadzalidwa, kapena zaka 10 kumadera ouma kumene mvula siipitirira mamilimita 660 pachaka.

Pa mmene amawerengera chikolecho ku America pali mfundo ziwiri zimene mungazigwiritse ntchito ngakhale simunakwerepo buludoza. Yoyamba: amawerengera tsiku loipitsitsa la mgodi, tsiku limene dzenje lidzakhale lalikulu kwambiri ndi milu ili kutali kwambiri. Kampani ikagwa siigwa tsiku limene malo ali osalala. Yachiwiri: amawerengera ngati ntchitoyo idzagwiridwa ndi kontilakita wobwera, wobwereka makina pa mtengo wa pamsika. Kampani imakonda kunena kuti makina ili nawo kale ndiye kukwirira n'kotchipa. Tsiku limene yathawa, makinawo amakhala atakwera kale lobedi kapena atagwidwa ndi banki.

Funsaninso kuti chikolecho chili m'maonekedwe otani. Lamulo la ku America lija linalola makampani akuluakulu kudziikira okha kumbuyo ndi mawu akuti chuma chathu n'chokwanira. Mu 2015 ndi 2016 makampani atatu akuluakulu a malasha, Alpha Natural Resources, Arch Coal ndi Peabody Energy, analengeza kuti alephera kubweza ngongole, ndipo boma linachita kulimbana nawo kuti malonjezo aja asanduke chikole chenicheni. Ngati zinavuta kumeneko, ife tisakhutire ndi lonjezo la pa msonkhano. Chikhale ndalama ku banki kapena kalata ya banki yotsimikiza, imene kampani singaitenge yokha.

Kwathu kuno pali vuto lina. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Dizilo, matayala ndi zipangizo za makina zimatsata dola. Chikole cha makwacha chimene chinali chokwanira chaka chino chimatha kukwirira theka la dzenje pakapita zaka zitatu, pamene dzenjelo lakula. Ku Joni malamulo a 2015 amafuna kuti ndalamayi iziunikidwanso chaka ndi chaka. Inunso pemphani kuti zilembedwe choncho.

Lamulo lathu la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito ngati imeneyi ikhale ndi lipoti lounika mmene idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo bungwe la boma loteteza zachilengedwe la MEPA ndi limene limayang'anira. Pitani kwa mkulu wa zachilengedwe ku ofesi ya DC mukapemphe kuona lipotilo, gawo la kutseka mgodi. Mutenge mphunzitsi wa masamu wa pa sekondale yapafupi. Muyang'ane ngati alemba kukula kwa dzenje pa nthawi imene lidzakule kwambiri, pamene adzaunjike dothi ndi mtunda wake kuchoka pa dzenje, ndi pamene adzasunge dothi lachonde. Ngati pangolembedwa nambala imodzi ya ndalama popanda makiyubiki ndi mamita, palibe amene wawerengera. Nambala imeneyo angoiponya.

Ntchito ikayamba, diso lanu likhale pa dothi lachonde. Limapalidwa sabata zoyambirira, anthu akadali pa chisangalalo cha maganyu, ndipo likasakanikirana ndi miyala palibe ndalama imene ingalibweze. Liyenera kukhala pa mulu wakewake, wosatalika kwambiri, wodzalidwa udzu kuti mvula isalikokolole. Muonenso ngati akukwirira kumbuyo pamene akukumba kutsogolo. Mgodi umene ukukwirira uku ukukumba umasiya ngalande imodzi yokha tsiku lotseka. Jambulani zithunzi ndi foni mwezi uliwonse mutaima pa mtengo kapena mwala womwewo, mulembe tsiku m'kope la komiti.

FUNSO

Akulu, ndimaphunzitsa ku Moatize, m'chigawo cha Tete. Achinyamata ambiri kuno alibe ntchito. Bwanji maenje a malasha asamakwiriridwe ndi anthu a mafosholo ndi mawilibala m'malo mwa makina odula ochokera kunja? Ndalamazo zikanatsala kwa ife.

Mphunzitsi, Moatize

YANKHO

Aphunzitsi, funso lanu ndalimva ndi mtima wonse. Ine ndimakhala ku Balaka, ndipo sitima za malasha a kwanuko zimadutsa pa Nkaya usana ndi usiku kupita ku Nacala. Ndikaziona ndimaganiza za dzenje limene likutsala kumbuyo.

Tiwerengere ndi dzenje laling'ono la mnyamata wa ku Dedza lija. Mwamuna wamphamvu, pa dothi wamba, amakumba ndi kupakira pafupifupi makiyubiki 3 patsiku. Makiyubiki 240,000 ndi masiku 80,000 a munthu mmodzi. Anthu 200 angathe masiku 400, ndipo apo sitinawerengere kukankha wilibala mamita 1,200 kapena miyala yaikulu ngati khitchini imene fosholo singaigwedeze. Mgodi wa ku Moatize, umene Vale inayamba kukumba mu 2011 n'kuugulitsa kwa Vulcan mu 2022, umagwiritsa ntchito magalimoto onyamula matani oposa 200 ulendo umodzi. Chimene makina otero anachotsa, makina otero ndi amene angachibweze. Ndiponso pansi pa khoma la dzenje si malo oikapo anthu. Mwala umagumuka popanda chenjezo, makamaka mvula ikangogwa kumene, ndipo ndinanyamulapo mnzanga pa machila chifukwa cha zimenezi.

Koma makina akamaliza kukwirira ndi kusalaza, ntchito yotsalayo manja a anthu amaigwira bwino kuposa chitsulo. Buludoza imatsendereza dothi lachonde mpaka mizu kulephera kulowa, pamene khasu limalimasula. Pali kuyala miyala m'ngalande za madzi, kudzala vetiva m'malo otsetsereka, kutolera mbewu za mitengo ya komweko monga tsanya, msangu ndi masawu, kusamalira nazale, kuthirira m'chilimwe chotentha cha ku Tete, kulambula njira zotchinga moto, kuletsa mbuzi, ndi kutseka tizigwembe timene mvula yoyamba imang'amba tisanakule. Dothi lokwiriridwa limapitiriza kutitimira kwa zaka, ndiye pamafunika anthu oyendera malowo n'kumadzaza pamene madzi ayamba kudikha. Ntchito zimenezi zimatenga zaka zisanu kapena kuposerapo, pamene ya makina imatha pa miyezi.

Pa kotesheni, zonsezi zimaikidwa pa mzere umodzi wakumapeto, ndipo ndi mzere umene umadulidwa koyamba ndalama zikachepa. Ngati achinyamata anu ali ndi gulu, apemphe kuti mzere umenewo ugawidwe: mahekitala angati, mbande zingati pa hekitala, anthu angati, miyezi ingati pachaka, kwa zaka zingati. Ayambenso nazale panopa, chifukwa mbande ya tsanya imakula pang'onopang'ono ndipo kontilakita akafika amagula kwa amene ali nazo kale m'machubu.